Mvula ya ku Kanyama sifika ku Kariba

Mayi, mwafunsa kuti mvula ikugwa mpaka misewu ya ku Kanyama kusanduka mitsinje, nanga bwanji malaiti akupitabe, ndipo pampopi sipakutuluka ngakhale dontho? Ena akuyankhani zandale m'munsimu, ine ndikambe za madziwo.

Mvula yogwa mu Lusaka muno imatsikira mu Kafue ndi mu Chongwe, ndipo mitsinje iwiriyi imathira mu Zambezi kumunsi kwa damu la Kariba, komwe amapangira magetsi. Ndiye ngakhale denga lathu lidonthe usiku wonse, Kariba saonako kanthu. Madzi amene amadzaza nyanja ija amachokera kutali, ku Mwinilunga, ku Angola, n'kudutsa m'madambo a ku Barotse, ndipo amatenga miyezi kuti afike. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti nyanja ija ingaoneke yodzaza ukaima ku Siavonga, koma madzi opangira magetsi ndi apamwamba okha, mamita 13 basi. Akatsika kupyola pamenepo makina sangathe kuzungulira bwino. Madziwonso si athu tokha, a Zambezi River Authority, bungwe loyang'anira damuli, amatigawira ife ndi a ku Zimbabwe.

Tsono magetsi athu opitirira 80 peresenti amachokera m'madzi. Chaka cha 2024 El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumasokoneza mvula, atabweretsa chilala, a Pulezidenti Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo tinafika pokhala maola 21 mumdima. Dzenje lotere silikwiririka ndi dzinja limodzi. Komanso anthu tachuluka, migodi ya ku Copperbelt ndi ku Solwezi ikufuna magetsi ambiri usiku ndi usana, pamene damu la Kariba ndi lija lija la 1959.

Za pampopi zija n'zogwirana ndi zomwezi. Madzi a mu tauni muno amakokedwa ndi mapampu kuchokera ku Kafue, ena m'zitsime zakuya, ndipo pampu popanda magetsi ndi chitsulo chabe. Kwathu ku Chawama mwana wanga wamkazi amagona khutu lili kumpopi. Ukangoyamba kutsokomola cha m'ma 2 koloko usiku, tonse timadzuka ndi zigubu, ndowa, ngakhale mapoto.

Chimene chimandipweteka ine ndi malasha. Malaiti akapita tonse timathamangira mbaula, thumba limakwera mtengo, ndipo malole amabwera odzaza mpaka pamwamba kuchokera kumidzi. Mitengo imeneyo ndi yomwe imasunga chinyezi kumene mitsinje imayambira. Sindikuloza munthu chala, inenso nsima ya dzulo ndaphikira pa mbaula.

Sola ya ku Chisamba ya mamegawati 100 yomwe inatsegulidwa mu 2025 ikuthandizako masana, fakitale ya magetsi ya ku Maamba nayonso ikuwotcha malasha a pansi. Koma inu Mayi, mgolo wosungira madzi uja musaugulitse kaye, ndipo muziuvundikira bwino. Kolera uja amene anadzaza odwala mu Heroes Stadium anabwera nyengo ngati ino, mvula ili mkati.