Ndikaweruka naiti tulo sitibwera: kodi yoga ingandithandize?

FUNSO: Ndine namwino, ndagwira m'wodi ya ana zaka 6. Ndikaweruka naiti ndimafika kunyumba cha m'ma 8 koloko thupi lili lefu, koma ndikangodziponya pabedi maso amangoti gwa. M'makutu mumamvekabe kulira kwa ana, mutu uli kalikiliki kuwerengera madiripu amene ndasiyira anzanga. Tulo tikabwera, maola atatu basi. Mapiritsi ogonetsa ndimawaopa, ndaona mmene amazolowetsera anthu. Mnzanga wa kuntchito akuti ndiyese yoga. Ine amene sinditha n'kugwira komwe zala za kumapazi, zingatheke? – Namwino wotopa

YANKHO: Zingatheke mayi, ndipo zala za kumapazizo zisiyeni komweko. Anthu opindika ngati lastiki amene mumawaona pazithunzi asakuopseni. Yoga, masewera otambasula thupi ndi kupuma mwadongosolo amene anachokera ku India, ili ndi mitundu yambiri, ndipo yoitanira tulo ndi yofatsa, yongogona pansi.

Usiku wonse thupi lanu limakhala lili tcheru, mtima ukuthamanga, minofu ya m'mapewa itakungika. Inu mwaweruka, koma thupi silinauzidwe. Chimene chimaliuza ndi mpweya. Munthu akamatulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa imene waukokera, mtima umayamba kugunda modekha. Ndinu namwino, musangokhulupirira ine: gwirani mtsempha wa padzanja, muwerenge musanayambe ndiponso mukamaliza.

Mukasamba, yalani bulangete m'mbali mwa khoma. Gonani chagada, matako pafupi ndi khoma, miyendo muikweze itsamire khomalo. Dzanja limodzi likhale pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Khalani choncho mphindi 5 mpaka 10. Miyendo imene yapondaponda simenti maola 12 imamva kukoma kwake msanga, ndipo ineyo ngati nditauzidwa kusankha kagonedwe kamodzi, n'kameneka. Maganizo a madiripu abwera ndithu. Musalimbane nawo, ingobwererani kowerenga kuja. Kenako gwadani, mukhalire zidendene, chipumi chigunde pilo kwa mphindi ziwiri, basi kagoneni. Ngati muli oyembekezera, muli ndi matenda a maso otchedwa glaucoma kapena BP yanu ndi yokwera, zokweza miyendozo yambani mwafunsa dokotala. Kupumako kulibe vuto.

Koma ndisakunamizeni: yoga singagonjetse dzuwa. Ubongo umatulutsa melatonin, mahomoni oitana tulo, kukakhala mdima, ndipo kuwala kumaitsekereza. Choncho pawindo pakhale makatani ochindikala, foni ikhale kutali ndi bedi. Khofi nayenso ngochenjera: pakatha maola pafupifupi 5, theka la caffeine, chinthu chothamangitsa tulo cha mu khofi, limakhala lidakali m'magazi. Kapu ya 4 koloko m'bandakucha ija mumalowa nayo m'bulangete. Yomaliza izikhala ya pakati pa usiku.

Musaweruze ndi tsiku limodzi. Chitani tsiku lililonse kwa milungu ingapo, ngakhale masiku a ofu. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7, ndipo namwino wogona atatu ndiye amene amawerenga dozi kawiri osaimvetsa. Ngati kusowa tuloku kukuchitika katatu kapena kuposa pa mlungu ndipo kwatha miyezi itatu, kaonaneni ndi dokotala, mufunse za CBT-I, chithandizo cha uphungu chosagwiritsa ntchito mapiritsi. Mukalankhulenso ndi amene amakonza ndandanda ya mashifiti, kuti manaiti anu asamachulukane motsatizana.