Kontena yanga ya ku Taiwan ndi chidindo cha pa boda

Achimwene, mwafunsa mmene timaodera katundu kunja. Za ma ejenti ndi msonkho musandivutitse nazo, mukaphunzira pa mzere. Chimene anyamata a lero sakhulupirira n'chakuti nduna ikasaina pepala ku Beijing, chimakupweteka ndiwe wa kontena.

Ine ndinkaoda zipangizo za njinga ku Taichung, mzinda wa ku Taiwan. Malawi anali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966, kazembe wawo ali ku Lilongwe konkuno, viza osavuta. Ndiye mu Januwale 2008 mayi Joyce Banda, nthawiyo ali nduna ya zakunja, analengeza kuti boma la Bingu likuzindikira China ya ku Beijing basi. Maboma awiriwa anali atasainirana kale mu Disembala, ife osadziwa kanthu. Madokotala a ku Taiwan anachoka ku chipatala cha Mzuzu, ofesi ya kazembe inatsekedwa. Kontena yanga ili panyanja, ndalama zake za katapila.

Katundu atafika pa boda, bwana wina wamimba anatenga pepala losonyeza kumene katundu wachokera, n'kuona mawu akuti Republic of China pamwamba, dzina limene boma la Taiwan limadzitchula nalo. Akuti dziko limenelo boma lathu silikulidziwanso, ndiye chidindo chake n'chabodza. Ndinamuuza kuti chimene chathetsedwa ndi ubale wa akazembe, malonda palibe waletsa. Taiwan ili mu WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, kuyambira 2002 ngati dera la kasitomu paokha, ndipo China yeniyeniyo imagula katundu wa ku Taiwan tsiku ndi tsiku. Anangoyang'ana kudenga, kudikira ya fanta. Lole ikuwerenga ndalama zoimikira, wa katapila akuimba usiku. Minibasi yanga inapita choncho. Koma tambala sindinampatse, ndipo katundu anatuluka. Mufunse aliyense wa nthawi imeneyo.

Mayiko amatero ndithu. Gambia inasiya Taiwan mu 2013, Burkina Faso mu 2018. Mu Africa yense watsala Eswatini. Mukamva kuti nthumwi za boma zikupitapita kwa mdani wa dziko limene mumaodako, musalipire zonse, perekani theka. Muwauze a fakitale alembe Taiwan yokha pa mapepala, osawonjezera zina.

Viza ya ku Taiwan masiku ano mukaifunira ku South Africa, pa mtengo wanu. Anzanga ambiri anatembenukira ku Guangzhou, ku China. Ine matcheni ndi mabuleki ndimaodabe ku Taichung, kasitomala sawabweza.