Za mnzako uja, msuweni

Eee, yayamba kujambula? Chabwino. Msuweni, wadzuka bwanji ku Nchaloko? Kuno ku Ngabu usachite kufunsa, dzuwa la Okutobala uno ngakhale mbuzi zakana kuchoka pamthunzi. Ndili pakhonde, ukamva phokoso ndi anawa akulimbirana malambe.

Funso lako ndaliona. Dikira ndiliwerenge... eya, walemba kuti, "Abale, alipo akudziwa komwe amagulitsa mankhwala osiyitsa mowa? Mnzanga wina akufuna." Nthawi yake 2 koloko usiku. Iii msuweni, mnzakoyu umamukonda bwanji, mpaka kukusowetsa tulo? Ine ngati ndikumudziwa. Si uja wamtali, wampata kumano, anagwera m'ngalande ya nzimbe ndi njinga ya eni ake pa Khirisimasi? Ayi, ndangofunsa. Enanu pagulu pano musayambe kutumiza timitu toseka tija. Ine ndi msuweni wake, ndili ndi chilolezo. Inu mulibe.

Mankhwalawo anthu amagulitsa, eee. Ufa wothira m'phala mobisa, timabotolo ta madzi akuda, munthu asanze mpaka adane nawo mowawo. Zonsezo zinayesedwa pa amalume a ku Makhanga, kwa iwe ndi bambo aang'ono, ndipo chimene chinatha ndi nkhuku za akazi awo, osati mowa. Iwe nthawi imeneyo unali kusukulu, zambiri sunazione. Ndikuuze.

Amalume aja sanali chidakwa chogwa m'njira, ayi. Sanamenyepo munthu. Mbandakucha ali m'bwato kudambo, pofika masana makakana ndi milamba ili pamsika, madzulo velemoti yawo ya kachasu, basi. Tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka. Anthu ankachita kuwatama kuti awa ndiye amautha mowa. Koma m'mawa, usanawapatse kochotsera matsire, manja ankachita kunjenjemera moti nyambo pambedza sankatha kuika. Ife tinkati ndi kuzizira kwa m'madzi. Tangoganiza, kuzizira ku Makhanga!

Ndiye kunabwera madzi aja a mu Januwale 2015. Ruo uku, Shire uku, Makhanga yasanduka chilumba. Anawatenga pa boti kukawasiya kukampu ku Bangula, ine n'kupita kukawaona. Migolo ya azimayi otcheza kachasu yonse inapita ndi madzi, ndalama amalume alibe, bwato lapita. Ife pansi pamtima tinasangalala ndithu. Tinati Mulungu wawasiyitsa yekha mowa.

Tsiku loyamba thukuta, kunjenjemera, nseru. Tinati malungo, poti udzudzu wake unali wosanena. Usiku wachiwiri... ayi ndanama, anali madzulo, tikupakula nsima, anangogwa khu! n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, munthu woti chibadwire sanagwepo. Tsiku lachitatu ndiye zinthu zinavuta. Akukanda thupi lonse akuti linthumbu lawakwera. Akuloza pakona pa tenti akuti pali ng'ona. Akuyankhulana ndi agogo aamuna, munthu woti tinaika kalekale, akuwauza kuti ng'ombe ija sanagulitse ndi iwo. Eee, nkhani ya ng'ombe ija, mpaka pamenepo inafika. Ndiye ukudziwa mmene timachitira kwathu. Ena akuti mizimu yakwiya, ena akutchula dzina la aneba aja, ena abweretsa amapemphero, azakhali ako akufuna munthu wotema mphini. Aliyense dokotala.

Anatipulumutsa ndi nesi wina amene ankayendera pakampupo. Anangowayang'ana n'kufunsa funso limodzi, kuti bambowa amamwa? Akazi awo, manyazi, akuti pang'ono pokha, pa zikondwerero. Ine ndinati ayi mayi, velemoti tsiku lililonse, ndipo lero ndi lachitatu asanalawe. Mpaka lero akazi awo aja sanandikhululukire bwinobwino, koma pompo nesi uja anaitanitsa galimoto.

Kuchipatala ndinali gadiyani ndine, masiku asanu ndi limodzi, kugona pansi pa bedi. Anawaika diripi, kuwapatsa diazepam wowakhazika thupi, ndi jakisoni wa vitamini B1, akuti mowa umamaliza vitamini ameneyu m'thupi ndipo akasowa ubongo umaonongeka. Adokotala anandifotokozera mwa njira yoti mpaka pano ndimaikumbuka ndikakwera minibasi ya ku Blantyre. Anati mowa uli ngati buleki pa ubongo. Munthu akamamwa tsiku lililonse, ubongo umazolowera kukoka mwamphamvu kuti ugonjetse bulekiyo. Ndiye ukaichotsa tsiku limodzi, zimakhala ngati lole ikutsika mapiri aja kulowera ku Thabwa mabuleki ataduka. Kunjenjemera kumayamba tsiku lomwelo, kugwa ngati khunyu tsiku loyamba kapena lachiwiri, zoona zinthu zosaoneka zija lachitatu kapena lachinayi. Ndipo anthu amafa nazo, msuweni. Amafa akuyesa kuchita chinthu chabwino.

Dikira... iwe! Tsitsa chidebecho, madziwo ndi akumwa! Pepa. Ndimati chiyani? Eya, amalume.

Anatuluka. Anakhala zaka ziwiri osalawa. Anthu amakonda kuimaliza pamenepo nkhaniyi, makamaka akamaifotokoza kutchalitchi, koma siinathere pamenepo. Pa maliro a agogo aakazi anamwa. Adzukulu anawapatsa kamodzi, akuti kochotsa fumbi la kumanda, sabata yonse osaoneka pakhomo. Atabwerera anachita manyazi moti ankadzera kuseri kwa khola. Ine ndinawakoka kubwerera nawo kuchipatala ndikuganiza kuti akatikalipira, koma nesi wa za maganizo anangoti, bambo, zimachitika kwa ambiri, tiyeni tione chimene chinakugwetsani. Anakhala nawo pansi pafupifupi ola lathunthu. Kuchokera pamenepo pa maliro amalume ankakhala ndi azibambo a kwaya, ndalama ya nsomba ankalandira ndi akazi awo, ndipo njira yodzera kumsika anaisintha, ankazungulira mtunda wautali kuopa fungo lokha. Madzulo, nthawi ija ya velemoti, ankasoka maukonde ndi tiyi wa shuga wambiri pambali. Chibaba akuti chimabwera ngati mphepo ya mkuntho, ukachipirira kanthawi chimadutsa. Tulo ndiye tinawavuta milungu ingapo, ankangoyendayenda pabwalo, agalu mpaka anawazolowera.

Koma zimene mowa unawasiyira, anthu sazitchula. Mapazi ankawaotcha usiku ngati aponda phulusa lamoto, mitsempha inaonongeka. Kuiwala. Umawauza chinthu m'mawa, masana akufunsanso. Chiwindi nacho, poti munthu wa m'dambo anali kale ndi likodzo, ndiye mowa unapeza nyumba yong'aluka kale. Ndi mwana wawo wachiwiri uja, ukudziwa analekera Fomu 2, ndipo si kuti anali wopanda nzeru. Anandiuza yekha atakula kuti iye ankadziwa ndi kulira kwa njinga kuti lero bambo abwera bwanji. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kumatchera khutu kumsewu m'malo mogona. Ako aja... a mnzako aja ndikutanthauza, wamkulu ali sitandade chani kodi? Folo?

Chaka chomwecho cha 2015 boma linaletsa masacheti, ife n'kumati basi anyamata apulumuka. Kunangobwera timabotolo ta midoli, mtengo wake wa kabaza ulendo umodzi. Ndiye ku Nchaloko tsiku la malipiro, ine ndimaona ndikamadutsa, sindichita kuuzidwa.

Tsono msuweni, tamvera. Mankhwala ogula pamsika oti munthu amwe lero mawa adane ndi mowa, ine sindikulozera. Chimene ndikuopa ndi china. Munthu akafika polemba uthenga 2 koloko usiku, ndiye kuti watsimikiza mumtima kuti mawa sindilawanso, adzitsekera m'nyumba, alimbe yekha ngati mwamuna. Ngati mnzakoyo amamwa tsiku lililonse, ngati m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa, asayerekeze kusiya yekha m'nyumba. Apite kuchipatala kaye. Pa chipatala cha boma ku Chikwawa alipo anesi oona za maganizo, ndipo n'zaulere. Akanene zoona, kuti ndimamwa wakutiwakuti, mabotolo angapo, kuyambira chaka chakuti. Osati zija za "pang'ono pa zikondwerero." Iwo ndi amene angaone ngati n'zofunika kugonekedwa masiku angapo kapena kumwera mankhwala kunyumba wina akumuyang'anira.

Ndikudziwa chimene chikukuopsa... chikumuopsa. Akuti ndikangotchula za maganizo anditumiza ku Zomba, anthu azinena kuti wapenga. Ayi. Ku Zomba Mental amapita amene zawavuta kwambiri, ndipo nawonso amabwerako. Ambiri zimathera pachipatala cha boma pomwepo, ena amawatumiza ku Queens ku Blantyre. A St John of God, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ali ndi ndondomeko yawoyawo yothandiza anthu a mowa ndi chamba, koma zimenezo tidzakamba zikadzafunika. Mapemphero asasiye, ine ndine wa Mvano, sindingamuletse. Koma apemphere ali pa benchi ya kuchipatala.

Ndipo china. Ngati usiku umenewo mumabwera maganizo ena, oti bola kungochoka, anthu apume... mowa umachita zimenezo, umakuza chisoni chimene umati ukuchotsa. Aimbe foni yanga. Kaya ndi 2 koloko yomweyo, ine ndimagona nayo kumutu chifukwa cha amayi.

Ndiye wamva? Asasiye yekha mwadzidzidzi, ayambe waonana ndi achipatala, ndipo akanene zoona. Pakali pano mpaka tsikulo asaonjezere, komanso asadule kamodzin'kamodzi, azidya nsima, azimwa madzi, kutenthaku si kwamasewera. Akangoyamba kuona zachilendo kapena kugwa, musadikire Lolemba, mutengeni usiku womwewo. Alamu anga auzidwe, asamve kwa anthu. Mkazi uja wapirira zambiri, ndipo si wopusa, akudziwa kale.

Enanu mwamva zonse, ndikudziwa, ndikuona timizere tabuluu. Amene atulutse nkhaniyi kunja kwa gulu lino adzandiona pa ukwati wa ku Tengani, ndipo ndidzayambira nkhani ya ng'ombe.

Foni yatsala pang'ono kuzima, magetsi anapita m'mawa. Lolemba ndili ndi ulendo wa kuboma, ndikwera ya 6 koloko, pofika 7 ndili pa siteji ya Nchalo. Ndikusungira mpando, tikatsikira limodzi pa Dyeratu. Kuchipatalako sakalowa yekha, ine ndikhala pambali pake ngati mmene ndinakhalira ndi amalume, pansi pa bedi ndinagonapo kale. Thiransipoti ndilipira ine, udzandibwezera ndi shuga. Umuuze asambe, avale malaya aja abuluu. Buku lakuchipatala usaiwale. Lako... lake. Aaa, msuweni, bwera nalo basi.