Achemwali, musanaope mzukwa yang'anani mbaula

Sabata yatha ndinalandira imelo imene ndinaiwerenga katatu. Mayi wina wapeza ntchito yolandira alendo usiku pa hotela ina yakale, koma anzake amuuza kuti m'chipinda chakumapeto muli mzukwa, pakati pa usiku mumamveka mapazi. Akufunsa ngati aiyambe ntchitoyo kapena aikane.

Achemwali, funso lanuli landikumbutsa malume anga, ndiye mundilole ndiyambire kumeneko.

Malume anali mlonda ku Zomba, pa nyumba ina ya nthawi ya atsamunda, m'munsi mwa phiri. Amene anagonako ku Zomba mwezi wa Juni akudziwa kuzizira kwake. Iwo asanalembedwe, alonda awiri anali atathawa kale, ndipo mbiri inali yoti mzungu wina anafera m'nyumbamo koma sanachokemo. Patangopita masabata ochepa malume nawo anayamba kudzuka mutu ukuwaza, nseru, miyendo yolobodoka. Ankalumbira kuti usiku amaona munthu ataima pakhomo, iwo n'kulephera ngakhale kukweza dzanja. Kunyumba tinayesa zonse. Abusa anabwera kudzapemphera. Agogo anapita kwa sing'anga mwakachetechete. Kenako anthu anayamba kunong'onezana dzina la gogo wina wa m'mudzi mwathu, wamasiye, amene anakanganapo ndi malume pa nkhani ya malire a munda.

Tsiku lina m'mamawa wosamalira maluwa anawapeza atakomoka. Kuchipatala funso loyamba la adokotala linali lakuti, kodi mumagona ndi mbaula? Ankagona nayo. Kanyumba ka mlonda kanalibe zenera, ndipo chifukwa cha chisanu ankatseka chitseko n'kutsekeranso nsanza m'mipata monse.

Makala akamayaka malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Sununkha, suoneka, ndipo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kusokonezeka maganizo, ena mpaka kuona zinthu zimene palibe, kenako munthu amangopitirira ali m'tulo. Malume anatsala pang'ono kufa ife tili kalikiliki kuthamangitsa mzungu wakufa.

Musandimve molakwa. Sindiseka munthu woopa mizimu. Ndinakulira kumudzi, ndipo ngakhale lero nditakwera phiri la Mulanje sindingalankhule mwachipongwe pafupi ndi Sapitwa. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti mawu akuti mzukwa akangotchulidwa, mafunso ena onse amatha. Palibenso wokwera kudenga kukaona ngati muli makoswe kapena mileme. Palibe wokumbukira kuti malata ndi matabwa amene atenthedwa ndi dzuwa tsiku lonse amalira thethethe akamazizira usiku, ndipo m'nyumba yaikulu yopanda anthu kulirako kumamveka ngati mapazi. Bwana amene sakufuna kukonza mawaya kapena loko amapezerapo mwayi, poti mzukwa sufuna ndalama zokonzera.

Nkhanizi sizisankha osauka okha. Mu Marichi 2005 kunamveka kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasiya kugona m'nyumba ya boma ya ku Lilongwe, ija ya zipinda 300 imene anamangitsa Kamuzu, ati chifukwa cha mizukwa. Bingu anakana kwamtuwagalu, ndipo atolankhani awiri, Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda, anamangidwa chifukwa cholemba nkhaniyo. Dziko lonse linaikamba m'maminibasi kwa masabata. Pamene kwa anzathu ku America, Stanley Hotel ya ku Colorado, yotsegulidwa mu 1909, imalipiritsa alendo kuti iwayendetse usiku ikuwafotokozera za mizukwa yake. Kumeneko mantha ndi malonda. Kwathu kuno amene amawasenza ndi mlonda wolandira kandalama kochepa, amene ali yekhayekha mu mdima.

Ku England, katswiri wina wa zamakina, Vic Tandy, analemba mu 1998 za malo ake antchito amene anthu ankati muli mzukwa, iye mwini n'kuonako chinthu chotuwa m'mbali mwa diso. Atafufuza anapeza kuti fani yatsopano imatulutsa kunjenjemera kwa mpweya kwa pafupifupi 19 Hz (maulendo 19 pa sekondi imodzi), kumene khutu silimva bwino koma thupi limakumva. Fani itakonzedwa, zachilendozo zinatha.

Nanga muchite chiyani?

Iyambeni ntchitoyo, masiku ano ntchito njosowa. Lowani m'chipindacho masana ndi mnzanu. Funsani ngati usiku pamakhala mlonda, komanso kuti jenereta imaikidwa pati, chifukwa utsi wake uli ndi poizoni yemweyo. Mukhale ndi tochi, ndipo mbaula isagone nanu m'chipinda chotseka. Pemphero musalisiye ngati limakulimbitsani mtima. Ndikanakhala mchimwene wanu ndikanadera nkhawa kwambiri mlendo woledzera wogogoda 2 koloko usiku, ndiye muonetsetse kuti chitseko chanu chili ndi loko wolimba.

Malume anachira, anabwerera pa ntchito, anaboola kazenera pakhoma, ndipo munthu wapakhomo uja sanaonekenso. Koma kwa gogo wamasiye uja palibe aliyense wa banja lathu amene anapita kukapepesa, ngakhale ine. Anamwalira patapita zaka zitatu, ana a m'mudzi akumuthawabe panjira ya kuchitsime.