Madzi oyera si madzi aukhondo: mayankho a mafunso anu

Mlangizi wa zaumoyo wina wa ku Mangochi wafunsa kuti: "Ndikulemba chikwangwani choika pachitsime. Ndilembe 'Imwani madzi oyera' kapena 'Imwani madzi aukhondo'? Anzanga akuti n'chimodzimodzi."

Alangizi, anzanuwo akunamizani. Kuyera ndi nkhani ya maso. Madzi oyera ndi amene mukawatunga mumaona pansi pa ndowa, basi. Pitani ku Chembe, ku Cape Maclear, mukaime m'nyanja: madzi ake ndi oyera moti mumawerenga zala zakumapazi pamchenga, koma ana osambira momwemo amadwala likodzo. Ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono zosunga tizilombo ta matendawa zinachuluka m'mphepete mwa nyanja. Dzina la likodzo nalo silibisa kanthu, likuchokera ku mneni "kukodza", poti wodwala amakodza magazi.

Likodzo limalowera pakhungu, koma kolera imalowera pakamwa, ndipo nayo sidetsa madzi. Mliri umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho "oyera" achokepo. "Aukhondo" ali bwino, ngakhale kuti ine ndikanakhala wolemba ndikanangoti "Imwani madzi owiritsa kapena othira klorini", chifukwa mayi wobwera ndi chigubu akufuna kudziwa chochita.

Podutsa: pakalata yanu munalembanso "madzi omwa". Iyayi, ndi "madzi akumwa". Aneni aafupi monga kumwa, kudya ndi kufa sataya "ku" wawo, n'chifukwa chake timati chakudya, wakufa. Aneni aatali ndiwo amaphatikiza: ochapira, ophikira.

Mphunzitsi wa ku Zomba akuti: "Ophunzira anga amalemba 'anthu ndi chilengedwe' ngati zinthu ziwiri. Kodi munthu sali m'chilengedwe?"

Aphunzitsi, mwagwira mfundo. Chilengedwe chikuchokera ku "kulenga", ndiye cholengedwa chilichonse chilimo, munthu yemwe. Paja timati "ndi chilengedwe chake" ponena munthu amene anabadwa wachete. Tanthauzo la mitengo, mitsinje ndi nyama zokhazokha lafala ndi mawailesi ndi mabuku a kusukulu, ndipo lakhazikika moti sitingalithamangitse. Musawadule malikisi ana amenewo. Koma afunseni kuti nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, anavutika ndi matemba okha kodi? Nanga utsi wa nkhuni zaziwisi m'khitchini yopanda zenera umatsokomoletsa mtengo kapena khanda lili kumsana?

Funso lomaliza ndi lalifupi: "Thanzi ndi umoyo zikusiyana pati?"

Thanzi ndi la thupi la munthu mmodzi, limaoneka: mwana wathanzi, ng'ombe yathanzi. Umoyo ndi wotakata, ukukhudza kakhalidwe konse, n'chifukwa chake tili ndi Unduna wa Zaumoyo osati wa zathanzi. Ndamva ena pawailesi akuti "thanzi la mtsinje wa Mudi". Khutu langa limakana. Mtsinje umaipa, umanunkha, umaphwa, umadzaza majumbo. Mudi ukadutsa pakati pa Blantyre, nenani kuti waipa, aliyense amene anawolokapo akumvani.