Loboti ikangoponda pansi imazima: kodi vuto ndi batire?

Mmodzi wa inu wandilembera imelo sabata ino. Wapanga loboti ya miyendo inayi yokhala ndi ma servo (timamota tosuntha miyendo) 12 a mtundu wa MG996R, yoyendetsedwa ndi Arduino Uno, kabodi kamene kali ngati ubongo wa lobotiyo. Batire ndi la mtundu wa LiPo ya 2S, kutanthauza ya maselo awiri, ndipo magetsi onse akudutsa pa 7805 imodzi, kachipangizo kotsitsa magetsi kufika pa 5V. Akainyamula m'manja miyendo imagwedera bwinobwino, koma akangoiika pansi imanjenjemera, Arduino n'kuyambiranso, 7805 n'kutentha ngati mbaula. Funso lake ndi loti agule batire lalikulu kapena ayi.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Batire lanu lilibe mlandu. Ngati ndi la 2200mAh ndi 25C, malinga ndi zolembedwa pa batirepo likhoza kutulutsa 55A (2.2 kuchulukitsa ndi 25), zomwe loboti yanu singamalize. Wolakwa ndi 7805.

Kachipangizo kameneka kamatsitsa magetsi powotcha otsalawo. LiPo ya 2S ikadzadza imakhala pa 8.4V, inu mukufuna 5V, ndiye 3.4V yotsalayo imasanduka kutentha. Pa 1A yokha ndi 3.4W, ndipo malire ake ali cha pa 1.5A. Tsono MG996R imodzi ikakanika kusuntha katundu imakoka pafupifupi 2.5A. Muli nazo 12. N'zoona kuti sizikakamira zonse nthawi imodzi, koma poimirira zambiri zimalimbana ndi kulemera kwa thupi pamodzi. Magetsi amagwa kwa kanthawi kochepa kwambiri, Arduino n'kuzima n'kuyakanso. M'manja mwanu miyendo inalibe chonyamula, n'chifukwa chake munaona ngati zonse zili bwino. Palinso china: 7805 imafuna kuti magetsi olowa apose otuluka ndi pafupifupi 2V, choncho batire likatsika kufika pa 7V basi, 5V yanu yayamba kusowa.

Musayesenso kulumikiza ma servo ku batire mwachindunji. MG996R imalekeza cha pa 7.2V. Ine ndinawotchapo awiri motero tsiku limodzi, fungo lake ndimalikumbukirabe.

Chofunika n'kugawa magetsi pawiri. Ma servo apatseni UBEC (chotsitsira magetsi chosatentha ngati 7805) yawoyawo ya 6V, ya 8A kapena 10A. Ine ndingakonde ziwiri, ina miyendo yakumanzere ina yakumanja. Timabodi totchipa totsitsa magetsi ta LM2596 timalembedwa 3A, ndipo timayamba kutentha tisanafike n'komwe, ndiye kamodzi kasiyireni Arduino yokha, mutakatchera pa 5V. Mawaya a GND (a negative) a mbali zonse akumane, apo ayi ma servo azingovina okha. Pafupi ndi ma servo ikani capacitor ya 1000µF, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono kuti asagwe mwadzidzidzi. Magetsi a ma servo asadutse pa breadboard (kabodi ka timabowo koyeserapo mawaya) kapena pa timawaya topyapyala tija, ikani mawaya onenepa komanso aafupi.

Ngati LiPo imakuopsani, mabatire asanu a NiMH amapereka 6V osafuna chotsitsira, kungoti ndi olemera, ndipo pa loboti yoyenda kulemera kulikonse kumathera m'mawondo. Mabatire a 18650 ochotsa m'malaputopu akale ndi abwino pa tochi, koma ambiri amakhala otopa, sapirira kukoka kwadzidzidzi.

Mukatsalira pa LiPo, gulani kaalamu kolumikiza pa waya wa balance (timawaya tating'ono ta batire toyezera selo iliyonse), mukatchere pa 3.5V pa selo iliyonse. Selo ikatsika kupyola 3.0V imayamba kuwonongeka, ndipo batire likatupa musalitchajenso.