Achemwali, musadandaule kuti sakuwachita opaleshoni

Mwafunsa chifukwa chake madokotala akufuna kuwotcha chotupa cha amalume anu ndi makina m'malo mochidula. Sakuwanyalanyaza ayi. Pa khansa ya kotulukira chimbudzi, thandizo loyamba ndi lomweli. Mu 1974 Dr Norman Nigro wa ku Detroit anaonetsa kuti radiotherapy, komwe ndi kuwotcha ndi makina kumeneku, pamodzi ndi mankhwala a khansa a 5-FU ndi mitomycin imatha kuthetsa chotupacho. Ambiri amapitabe kuchimbudzi monga kale, osavala kathumba kolandira chimbudzi pamimba.

Kuno ku Harare radiotherapy imachitikira ku Parirenyatwa. Azipita Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu 5 kapena 6, ndipo chonde asadumphe masiku, poti kupumira pakati kumapatsa khansa mpata wophukanso. Ngati amakhala kutali, apezereni pogona pafupi, ndalama ya kombi isawalepheretse.

Chakumapeto khungu la pamalopo limasupuka, m'mimba mumatseguka. Azitsuka ndi madzi ofunda osakhula, azivala zotakasuka za thonje. Ngati amamwa ma ARV apitirize, koma adokotala adziwe. Mitomycin akasowa, funsani za mankhwala ena a khansa otchedwa cisplatin. Thupi likatentha, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo.